Mzere wa Mwana wa a Taipi

Ku ofesi yosankha ana opita ku makoleji, aliyense ankawatcha a Taipi. Analowa ntchito ali mtsikana, akugogoda makina akale olembera. Makompyuta atabwera anzawo anapuma, koma iwo anakakamira mpaka anadziwa kufunsa okha detabesi, nkhokwe ya mayina ya m'kompyuta.

Mwana aliyense ankalemba pa fomu maphunziro atatu, kuyambira omwe akuwafunitsitsa. A Taipi ankalemba lamulo loti kompyuta ilumikize atatuwo mu mzere umodzi pa dzina la mwanayo, komiti isavutike kuwerenga.

Lachinayi lina m'mawa, komiti itakhala kale m'chipinda chapamwamba, iwo anasuzumira dzina la mwana wawo wamkazi, ngakhale zinali zoletsedwa. Mzere unati: Ulimi, Unamwino, Uphunzitsi.

Fomuyo mwanayo anailemba iwo akuona, unamwino poyamba. Anayang'ana mayina ena, onse chimodzimodzi. Chaka chimenecho anali atawonjezera m'lamulo lija mawu ochotsa zobwereza, ndipo kompyuta inangondandalika zonse motsata alifabeti.

Anakwera masitepe n'kugogoda. Bwana anatulukira pakhonde.

"Bwana, imitsani komiti. Mndandanda ndalakwitsa."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndaona wa mwana wanga."

"Ee! Ndiye tiimitse anthu khumi chifukwa wanu sanagwere pabwino? Mayi, mukudziwa kuti ntchito ikhoza kuthera pomwepa?"

"Ndikudziwa. Musandikhulupirire ine. Tolani mafomu khumi m'kabati, alionse, ndi dzanja lanu."

Bwana anatsika. Anatola mafomu, a Taipi ataima potero, manja kumbuyo. Yoyamba inagwirizana ndi mndandanda. Yachiwirinso.

"Mwaonatu," anatero bwana.

Yachitatu inasiyana. Yachinayi inasiyana. Pofika yachisanu ndi chiwiri, bwana anavula magalasi n'kupukuta thukuta.

"Kukonza kwake masiku angati?"

"Mawu anayi okha, bwana. Ndiiuze kuti polumikiza izitsata nambala ya chisankho."

Komiti inali itagawa kale ana mazana awiri. Inayambiranso, ikung'ung'udza. A Taipi analandira kalata yowachenjeza pa mlandu wosuzumira, ndipo anasaina osatsutsa.

Zotsatira zitatuluka, mwana wawo anapezeka ku uphunzitsi, chisankho chake chachiwiri. Ku unamwino malikisi anaperewera awiri. Analira masiku atatu, mayi ake atakhala pambali pake, akumusokera thumba lonyamulira zofunda.