Chala cha Ulimbo

Kale ankamutcha Ulimbo chifukwa mpira ukafika m'manja mwake unkangomatirira. Masiku ano ntchito yake m'timu ndi yonyamula chikwama cha mabandeji.

Chidamuchotsa pagolo ndi chala chachikulu cha dzanja lamanja. Mpira udachipindira kumbuyo, anzake n'kunena kuti changoguluka, n'kuyamba kuchikoka mosinthana. Adapita kuchipatala patatha miyezi inayi, dokotala n'kungopukusa mutu. Mtsempha wogwira mfundo udali utaduka kalekale. Mpaka pano loko amatsekula ndi dzanja lamanzere, ndipo mabatani a malaya amamumanga ndi mkazi wake.

Pagolo padalowa mng'ono wake weniweni. Tisabise, nsanje idamudya Ulimbo. Mng'onoyo akagwira penate, anthu n'kumakuwa, iye ankaweramira m'chikwama ngati wataya sizasi. Akafika kunyumba ankati, "Mpira wake uti? Ngakhale agogo akadaugwira."

Loweruka lina mng'onoyo adagwa pagolo atafumbata dzanja. Ulimbo atafika adapeza chala chitatupa, chikugwedera cham'mbali. Adachizindikira nthawi yomweyo. Kochi adali atapinda kale manja a malaya.

"Mugwireni, tichikoke chibwerere m'malo," adatero kochiyo.

Mumtima mwa Ulimbo mudabwera mawu oipa: musiyeni, nayenso alaweko. Sadawathamangitse msanga mawuwo, ndipo zimenezi zimamuchititsa manyazi mpaka lero.

"Achimwene, akoke?" mng'onoyo adafunsa, thukuta lili kamukamu.

Ulimbo adakankha dzanja la kochi. "Wochikhudza alimbana ndi ine!" Adachimanga kuti chisagwedezeke, n'kumuperekeza mng'ono wakeyo kuchipatala tsiku lomwelo. Adamuchita opaleshoni, mtsempha n'kusokedwa, dzanja n'kukhala m'chikhakha milungu isanu ndi umodzi. Kenaka m'mawa uliwonse Ulimbo ankamufinyitsa kampira ka mphira, akumukalipira ngati wamulakwira.

Tsiku lobwerera pagolo, Ulimbo adagwada m'chipinda chovalira n'kumukulunga tepi pachalapo, kumapeto n'kuidula ndi mano poti zala zake sizitsina. Masewera atayamba, mng'onoyo adauluka n'kugwira mpira woti aliyense adauwerengera kale chigoli. Bwalo lonse lidaimirira.

"Ulimbo! Ulimbo!"

Ulimbo adadzuka pabenchi n'kucheukira anthuwo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankayang'ana kwa iye; maso onse adali pa mng'ono wake.