Buluku la Ada pa Waya

Ndikukumbukira kuti ndili mu Sitandade 4, nyumba yathu ku Nkhata Bay inkadziwika ndi buluku. Mlendo akatsika sitima padoko n'kufunsa kwa a Mhone atelala, ankamuuza kuti, "Kwerani mtunda, mukaona buluku lakhaki pawaya, mwafika." Buluku limenelo linkakhala pamenepo dzuwa ndi mvula, ndipo mvula ya kwathu mukuidziwa, siyang'ana kalendala. Linamera ndere m'mawondo. M'thumba lakumanzere timba anaikira mazira, anaswa, ana ake atakula anadzaikiranso momwemo. Zoona zokhazokha izi, wotsutsa akafunse timbayo.

Mwini buluku anali bambo anga, amene m'Chitonga chathu tinkawaitana kuti Ada. Anagwirako ntchito ku Halale, n'kubwera ndi zinthu ziwiri: makina osokera ndi wailesi ya shotiwevu yolemera ngati mwana wa ng'ombe. Wailesiyo inkagwira London, inkagwira Moscow, ndipo Ada ankati mwezi ukakhala bwino imagwiranso azungu oulutsa nyimbo ali m'sitima pakati pa nyanja yamchere, opanda chilolezo cha boma lililonse. Mabatire inkadya ngati mvuu m'munda wa mpunga. Tinkawayanika padenga kuti atsitsimuke, ena tinkawaluma.

Koma inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo kumvera za kunja kunkamangitsa. Mphunzitsi wina wa kumtunda kwathu anakwezedwa galimoto ya boma atavala patapata, anabwerako mutu utayera. Tsono shotiwevu imafuna waya wautali kuti imve bwino, ndipo waya wautali wopanda ntchito unkaitana mafunso. Ada anaumanga kuchokera pazenera la kuchipinda mpaka mumtengo wa mango, n'kupachikapo buluku kuti anthu aziti ndi chingwe choyanikira.

Chimene ankadziikira pangozi chotere sichinali London. Anali mkulu wanga Yotamu. Iyeyu analankhula zina zake ku koleji, atamva kuti akumufuna anathawira ku Tanzania, ndipo kuyambira pamenepo kunali zii. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, Ada akuyendetsa singano ya wailesi pakati pa phokoso longa usipa uli m'mafuta, tinamva munthu akukonza pakhosi asanayambe kuwerenga nkhani. Ama, mayi anga, anakhala pansi pomwe anaimapo. Pakhosi pamenepo ankapadziwa. Inali wailesi ya anthu othawa kwawo, yosanena kumene ili, yomveka Lamlungu masana ikafuna.

Za ndale zimene Yotamu ankawerenga, Ama analibe nazo ntchito.

"Waonda," ankatero.

"Wamuona bwanji pa wailesi, NyaChirwa?" ankafunsa Ada.

"Mawu alibe mafuta. Sakudya mwanayu."

Sabata ina ankati ali ndi chimfine, ina ankati wapeza mkazi. Zonsezi pambuyo pake zinapezeka zoona, mpaka chimfinecho.

Ine amene ndinkavutika ndi buluku. Kusukulu anzanga sankandipatsa moni, ankangofunsa kuti, "Lauma?" Ndinapempha Ada kuti mwina tizisinthako, tsiku lina malaya, tsiku lina nsalu.

"Zonyowa zimasokoneza mawu," anatero. "Zouma zonse tavala. Lisiye."

Pafupi nafe pankakhala a tcheyamani a chipani a m'dera lathu ndi akazi awo, a NyaLongwe. Mayi ameneyu ankatsogolera nyimbo pamisonkhano, ndipo mawu ake ankafika kumsika iye ali kunyumba. Tinkadziwa zimene wabwerera pomva moni wake. Akalonjera m'Chitonga, wabwera kudzapempha mchere. Akalonjera m'Chichewa, ndi za chipani.

Lamlungu lina Yotamu atangokonza pakhosi, panja panamveka, "Odi kuno! Mwaswera bwanji eni nyumba?"

Chichewa.

Ada anazimitsa wailesi n'kuifunditsa bulangete ngati wodwala malungo. Tinatuluka tonse. A NyaLongwe anali ataima pansi pa buluku, beseni lili pamutu. Anayang'ana waya kumtengo wa mango, anautsata ndi maso pang'onopang'ono mpaka pamene unkalowera pazenera. Ndinamva mawondo a Ada akugundana. Anthu amati ndimakokomeza, koma agalu a kudoko anauwa.

"A Mhone, buluku ili lidzauma liti?"

"Ndi lokhuthala, mayi. La ku Halale."

"Anthu ayamba kufunsa. Dzulo kumsonkhano anafunsa awiri." Anatula beseni. "Chingwe changa chaduka. Ndiyanike nawo pano."

Sanadikire yankho. Anathothola buluku lija n'kundipatsa ine, nyerere zikutuluka m'miyendo yake ngati anthu akuweruka kumpira. Kenako anayamba kuyanika. Choyamba inali nsalu yawo ya chipani. Chachiwiri anali malaya a yunifomu a a tcheyamani, amene tauni yonse inkawadziwa, ndipo anawaika pafupi penipeni ndi zenera. Atamaliza anapukuta manja, anayandikira Ama, n'kufunsa motsitsa mawu, tsopano m'Chitonga, ngati mwana ali bwino.

Ama anayankha motsitsa mawu nawonso. "Waonda," anatero.

"Amaonda onse akakhala kutali," anatero a NyaLongwe, n'kunyamula beseni lawo.

Kuyambira tsiku limenelo, zovala za a tcheyamani zinkauma kwathu. Amene ankafunsa za waya analeka, pakuti ndani akanapita kukanunkhiza pansi pa malaya amenewo? Zonyowazo zinkasokonezadi mawu, Yotamu ankamveka ngati akuwerenga nkhani ali pansi pa madzi, koma Ada sanadandaulepo. Ankangokankhira khutu pafupi. A tcheyamani anabwerapo okha kamodzi kudzatenga malaya awo. Anagwira waya, anati, "Wabwino uwu, suchita dzimbiri," n'kumapita.

Zinthu zitasintha m'dziko, Yotamu anabwera pa sitima, woonda, ali ndi mkazi. Ama atamufotokozera zonse, anapita kukathokoza. A NyaLongwe anali atakalamba, akusenda chinangwa pakhonde.

"Ukuthokoza chiyani? Chingwe changa chinaduka."

Anakana mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Ndili mwana ndinkayesa kuti munthu wolimba mtima ndi wonga Yotamu, wolankhula dziko lonse likumva, ndipo sindinasinthe maganizo pa iye. Koma lero, pamene nkhani za dziko lonse zimandipeza pafoni ndili chigonere, ndimaganiza kwambiri za mayi uja. Anatiteteza m'njira yoti ife tisakhale ndi ngongole kwa iye, ndiponso yoti iye asakhale ndi choulula atafunsidwa. Chingwe chawo chinakhala choduka zaka zonsezo. Amuna awo, ndinaiwala kunena, anali ndi sitolo kumsika, ndipo ankagulitsa zingwe.