Nsidze za Achemwali Anga

Ndinali ndi zaka khumi pamene achemwali anga a Tumpale anandipatsa ntchito yanga yoyamba, yojambula nsidze. Tinkakhala ku Uliwa, ndipo mphunzitsi wina wa ku Ntcheu, a Kamwendo, anali atawafunsira mbeta. Chinatsala n'chakuti azakhali a aphunzitsiwo adzamuone mtsikanayo. Azakhaliwo akanangopukusa mutu, ukwati ukanathera pomwepo.

Achemwali ankaopa kuoneka achimidzimidzi. Pachipatala panali namwino wa ku Zomba amene ankameta nsidze n'kujambulapo kamzere kowonda, ndiye iwo anati nkhope ya m'tauni ndi imeneyo.

Wanja, utoto wakuda wopaka m'maso uja, unkapezeka mumsika kwa amalonda a ku Tanzania. Koma pachipata pankaima anyamata achipani, wopanda khadi osalowa, ndipo khadi la achemwali bambo anali asanagule. Choncho tinapanga wathu. Tinavundikira mbale pamwamba pa koloboyi mpaka inada bii, tinapala mwayewo n'kusakaniza ndi mafuta a mawese omwe amayi ankaphikira.

M'mawa wa tsikulo, kuseri kwa nthochi, achemwali anatenga lezala ya bambo. Kupala uku, kupala uku, nsidze zapita. Nkhope inangoti see ngati papaya.

"Usandiyang'ane ngati waona mzukwa. Jambula!" anandikalipira.

Ndinaviika kamtengo ka machesi. Yakumanja inatheka ndithu. Koma yakumanzere mzere unakwera phiri. Pofuna kuti zifanane ndinakweza inzake, nayonso inapitirira. Pomaliza achemwali ankaoneka ngati munthu amene wangouzidwa kuti ng'ombe yake yabereka mbuzi.

"Zili bwanji?" anafunsa, poti galasi lathu linali kachidutswa koonetsa diso limodzi.

"Ngati anamwino enieni," ndinatero.

Amayi atawaona anagwira pakamwa. "Kyala!" anaitana Mulungu m'Chinkhonde. Koma alendo anali atakhala kale pamkeka.

Inali nyengo ya dzuwa lathu lija, loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Achemwali anatuluka ndi mbale ya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, nthunzi ikuwamenya kumaso. Pamene ankagwada, mawese anali atayamba kale kusungunuka. Nsidze zinatsika pang'onopang'ono, kudutsa m'zikope mpaka m'masaya. Anati apukute ndi dzanja, nkhope yonse inasanduka ya wootcha makala. Maso anafiira, misozi yeniyeni n'kutsatira. Bambo anayang'ana mumtengo ngati akusankha mango. A Kamwendo anayamba kutsokomola chifuwa chomwe analibe.

Azakhali aja, mayi wathupi wa duku lachikasu, anawayang'anitsitsa. Ine mumtima ndinkapemphera pemphero lokhalo lomwe ndinkalidziwa bwino, lodalitsa chakudya.

Kenako azakhaliwo anatulutsa kansalu koyera n'kupukuta thukuta pamphumi pawo. Atakachotsa, nsidze zawo zonse zinali pakansalupo! Kani nawonso anali ometa. Anakayang'ana kansaluko, anayang'ana achemwali, n'kuphulika kuseka mpaka duku linapendekeka.

"Mwanawe, tasendera kuno," anatero. "Zanga zinayamba kuthawa ndili m'basi. Dziko lanu lino silifuna zojambula. Nanga wakujambula ndani?"

Achemwali anandiloza.

"Iwe, unkafuna zikafike kwa angelo?"

Anapempha madzi, ananyowetsa kansalu kaja n'kuwapukuta achemwali ngati mwana wawo wobereka, uku akuwalangiza kuti wanja umafuna wouma, wapang'ono, mafuta ayi. Atadya mbalagha mpaka kunyambita zala, anatembenukira kwa aphunzitsi.

"Mtengeni ameneyu. Nkhope yake ndaitsuka ndekha, ndaiona yonse."

Ukwati unachita kudikira kuti nsidze zimere.

Lero ana anga aakazi amakhala pagalasi ndi mapensulo awo, ine sindiwaletsa, bola lezala asakhudze. Ndimangowauza zomwe ndinaona pamkeka paja: utoto umasungunuka, dzuwa silisankha wa m'tauni kapena wa kumudzi. Pempherani kuti tsiku lomwe wanu udzasungunuke, pafupi padzakhale munthu woti aseke nanu n'kukupukutani. Ife Ambuye anatipatsa wotero, ndipo ndimawathokoza.

Achemwali ndi a Kamwendo pano ali ndi zidzukulu. Koma nsidze yakumanzere ija sinamere bwino mpaka lero, ndipo tikakhala m'tchalitchi, ine ndikawodzera, amandikwezera yomweyo.