Mvuu Imene Ndinainamizira

Che Saidi, msodzi wa mu Shire, anandibweretsera boti kuti ndilimate phula. Nditamata mbali imodzi, anzanga anandiitana ku bawo. Mbali inayo ndinangoipaka penti.

Mawa lake anatulukira atanyowa thupi lonse, nsomba zitabwerera kwawo.

"Amisiri, boti lamwa madzi!"

Ndinagogoda thabwa ngati dokotala. "Iyi ndi mvuu. Yakugundani chapansi."

"Iyayi, sindinamve kanthu."

"Zochenjerazo zimagunda mwaulemu."

Ndinalimata bwinobwino, iwo n'kundithokoza. Mpaka lero saponya ukonde pamalo paja boti linamwera madzi, pomwe pali chambo chonona. Amapalasa kutali, msana ukuwapweteka, ndipo ndikawaona ndimayang'ana kumbali.

Dzana ndinati ndiulule. Asanandimve, anati mvuuyo anaiona ndi maso awo, yaikulu zedi.

Ndinavomera.