Tsiku Limene Valuvu Inagwa

Bambo anga anagwira ntchito ya umakaniko zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ankanyadira chinthu chimodzi: sanagwetsepo valuvu m'injini ya munthu. Ankazinena pafupipafupi moti amayi ankawayankha kuti, "Tamva, bambo, mungozilemba pachitseko kuti pakamwa papume."

Pamsewu wathu ankadziwika kuti a Chingwe. Dzinali linachokera pa kachingwe kofewa, kotalika mikono itatu, kamene kankakhala m'thumba la ovolosi yawo. Kanali koyera pogula, koma ine ndinakadziwa kali kakuda bii ndi oyilo, kali ndi mfundo yaikulu kumapeto.

Ntchito yake inali iyi. Galimoto ikamatulutsa utsi wabuluu poiliza m'mawa, nthawi zambiri amakhala atatha ndi masilu, timphira tating'ono tokhala pakhosi pa valuvu iliyonse, totchinga oyilo kuti asatsikire kumene mafuta amayakira. Kamphira kake n'kochepa ngati chivindikiro cha cholembera, koma kuti ukafikire umayenera kuchotsa sipuling'i imene imagwira valuvu, kachitsulo kotsegula ndi kutseka njira ya mpweya m'injini. Ukachotsa popanda chochirikiza kunsi, valuvu imagwera m'silinda, ndipo basi, uyenera kuphwasula hedi yonse, mutu wa injini. Magalaja akuluakulu amapopera mpweya wa kompuresa m'silindamo kuti valuvu isagwe. Bambo ankati mpweya ndi mnzako wa pa mowa, magetsi akathima amakuthawa. Iwo ankachotsa pulagi, n'kulowetsa chingwe pabowolo pang'onopang'ono mpaka mfundo yokha itatsala kunja, kenako n'kupukusa injini ndi sipanala kuti pisitoni ikwere, ipanikize chingwecho kunsi kwa mavaluvu. Akatero ankagwira ntchito yawo akuimba mluzu.

Ana awo tinabadwa atatu, akazi okhaokha. Achemwali anga awiri ankanyansidwa ndi fungo la oyilo, ine ndiye ndinakakamira kugalaja. Anthu ankaseka kuti a Chingwe asowa mwana wamwamuna mpaka aveka mtsikana ovolosi. Bambo ankangondipatsa maginito kuti nditole makoleti, tizitsulo tiwiri timene timakhoma sipuling'i pavaluvu, n'kunena kuti, "Kamodzi kakadumpha, ukasaka ndi lilime pansipa." Sanali munthu woyamikira. Tsiku limene ndinamaliza masilu onse ndekha, anangoyang'ana, n'kutsokomola, n'kundigulira sipanala yangayanga.

Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ndinalimva kuposa Atate Wathu: usanakhudze sipuling'i, yang'ana kumene kuli mfundo.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba ndithu, ife ndife tinatseka makutu. Anayamba n'kusaka magalasi ali pamphuno, tonse n'kuseka. Kenako anathira oyilo kawiri m'galimoto imodzi. Tsiku lina ndinawapeza ataima pakati pa galaja, pulayala ili m'manja, akuiyang'ana ngati wina wangowasungitsa. Sindinauze munthu, ngakhale amayi. Ndinangoyamba kuyenda pambuyo pawo, kumanga zimene asiya, kubweza zimene asokoneza, iwo osadziwa. Ndinkati ndikuwasungira ulemu. Kunena zoona ndinkaopa, chifukwa galaja ndiyo inali moyo wawo wonse, ndipo ndinkadziwa kuti tsiku limene adzazindikire kuti mutu wawo ukuwathawa, sadzagwiranso sipanala.

Linali Lachiwiri m'mawa pamene a Telala anabwera. Anali kasitomala wa bambo kwa zaka zoposa makumi awiri, mkulu wolongolola, wosoka masuti pakona ya msewu wathu. Galimoto yawo inalowa ikufuka ngati mbaula yonyowa. Anabwera ndi mkamwini wawo, mwamuna wa malaya oyera amene ankati amadziwa za injini chifukwa choonera pafoni.

"Ndamubweretsa uyu adzaone ndi maso," anatero a Telala. "Akukana zoti munthu angasinthe masilu osatsegula hedi, opanda kompuresa. Tamuonetsani, a Chingwe."

Bambo anasangalala. Ndinali ndisanawaone akumwetulira choncho kwa miyezi. Ndinati ndigwire ndine, iwo anandikankha ndi chigongono. "Iwe gwira maginito. Lero pali alendo."

Silinda yoyamba inayenda bwinobwino. Analowetsa chingwe, anapukusa, anapanikiza sipuling'i, ine ndinatola makoleti. Anazula silu yakale ndi pulayala, yowuma gwaa, n'kuipereka kwa mkamwini uja kuti aifinye. Yatsopano anaipaka oyilo, n'kuikhomera ndi soketi mofatsa, kugogoda katatu. Manja awo ankakumbukira chilichonse. A Telala ankangoti, "Waona? Waona?"

Atamaliza, bambo anayamba kufotokoza za galimoto ina imene anakonza ine ndisanabadwe. Akulankhula choncho, ananyamula chopanikizira n'kuchiika pasipuling'i ya silinda yachiwiri. Mfundo inali ikulendewerabe pabowo la silinda yoyamba. M'silinda yachiwiri munalibe kanthu, pisitoni yake ili pansi penipeni.

Ndinaona. Zimenezi sindingakane, ndinaona bwinobwino. Mawu anafika pakhosi: bambo, chingwe. Koma a Telala anali ataima pomwepo, mkamwini wawo atawerama, ndipo ine ndinaleredwa kuti kholo sulidzudzula pamaso pa alendo, makamaka pantchito imene linakuphunzitsa. Ndinati mwina aona okha. Ndinati ndikatsokomola atembenuka. Ndinatsokomola, iwo anangoti, "Maginito." Ndipo ine, chitsiru, ndinatola makoleti.

Atakweza sipuling'i, valuvu inaima kanthawi, itagwidwa ndi mphira yakutha ija, kenako inatsetsereka. Sinapange phokoso lalikulu. Inangoti ngwe, ngati supuni yagwera m'kapu.

Bambo anaima chilili. Anayang'ana kabowo kamene munali valuvu, anayang'ana mfundo, anayang'ananso kabowo. Mkamwini uja anafunsa, "Ndiye kuti zatheka?" A Telala, amene pakamwa pawo sipankatsekeka, anamukoka dzanja. "Tiye tikaone kushopu, tibwera mawa." Mpaka lero ndimawathokoza mkulu amene uja.

Titatsala awiri, bambo anapukuta manja pansanza nthawi yaitali.

"Unaona?" anandifunsa.

"Ndinaona, bambo."

"Nanga osanena bwanji?"

"Panali anthu."

"Anthu," anabwereza. Kenako anafunsa chimene ndinkachiopa. "N'koyamba?"

Ndikanatha kunama. Ndinapukusa mutu, ndipo iwo anamva. Anakhala pansi pa tayala lakale, nandiuza kuti ndiwawerengere zonse. Ndinawauza za oyilo, za mabawuti a wilo amene anasiya osamanga, za mabuleki a galimoto ya mzamba. Pa mabulekiwo anatseka maso.

"Miyezi ingati?"

"Isanu ndi itatu."

"Ndinkayesa ndili ndi mnzanga pantchito," anatero, "osadziwa kuti ndili ndi mlezi."

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anapukusa injini kubwerera m'mbuyo, anasolola chingwe chawo, anachikulunga padzanja monga mwa masiku onse, n'kuchiika m'thumba la buluku. Anavula ovolosi, anaipachika pamsomali, n'kutuluka dzuwa lili pamutu. Hedi ndinaphwasula ndekha masanawo, misozi ikugwera pagasiketi. Valuvu ndinaipeza itatsamira papisitoni, yosapindika n'komwe. Ntchito yonse inanditengera tsiku limodzi ndi theka. Galimoto ya a Telala ikuyendabe mpaka pano, yopanda utsi.

Bambo sanapondenso pagalaja. Amayi anawanyengerera, achemwali anabwera kudzawachonderera kuti azingokhala pampando n'kumalangiza, iwo anakana. Atasiya ntchito, matenda anathamanga. Adokotala anati akanafika pamenepa ndithu, ndi chingwe kapena popanda chingwe. Mwina n'zoona. Koma ine ndimadziwa kuti mawu awiri okha akanawapatsa chaka china ali ndi sipanala m'manja, kapena akanasiya okha, mutu uli m'mwamba, dzina lawo lili lathunthu. Zimandipweteka tsiku lililonse, ndipo ndimadzikwiyira kuposa mmene ndimakwiyira matendawo.

Tsopano papita zaka zitatu. Ndinagula kompuresa, chifukwa chingwe anapita nacho ndipo sindinafune kudula china. Bambo amakhala pakhonde, kachingwe kaja kali pamiyendo, akukakulunga ndi kukamasula. Amayi akafuna kukachapa amachita kudikira agone tulo ta masana. Za tsiku lija anaiwala, ndipo ine anandiiwalanso.

Lamlungu lapitali ndinapita kukawameta ndevu. Anaona zikhadabo zanga zakuda, nkhope yawo n'kuwala.

"Mayi, ndinu makaniko?"

"Eya, bambo."

"Inenso. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, sindinagwetsepo valuvu." Anandionetsa mfundo ija. "Chinsinsi chake ndi ichi. Komanso ndili ndi mwana wamkazi kugalaja, maso ake ndi akuthwa kuposa anga. Ndi ameneyo sindiopa kanthu. Nditati ndilakwitse, angandiuze pompo."

Ndinati inde, n'kuwapempha kuti akweze chibwano. Kenako ndinapitiriza kuwameta.