Anandisudzula Kuti Ndipeze Chidindo

Mkazi wanga ali moyo, nkhani ya vistu sinkandisowetsa mtendere. Vistu ndi chilolezo chija amadinda m'pasipoti kuti mlendo akhalebe m'dziko la eni, ndipo ine kuno ku Domwe, m'chigawo cha Tete, ndine mlendo, ngakhale chilankhulo n'chimodzi ndipo mapiri a ku Malawi ndimawaona ndili chiimire pamsika. Kwathu ndi ku Ntchisi. Ndinabwera kudzakonza injini ya chigayo, ati sabata imodzi yokha, ndiye mtsikana wina wogulitsa kachewere anandiseka kuti ndimawerenga ndalama za kuno ngati mwana woyamba sukulu. Sabata ija inasanduka zaka zisanu ndi zinayi, nyumba ya njerwa zowotcha pamudzi wa apongozi anga, ndi mwana mmodzi wamkazi.

Masiku a vistu akamatha, tinkakwera shapa, timabasi ta kuno, kutsetsereka mpaka ku Tete. Mkazi wanga, mtsikana wa kachewere uja, ndiye ankanyamula kachikwama ka pulasitiki ka mapepala: chitupa chake, kalata yonena kuti munthu uyu ndikumusunga ndine, ndi eshitratu, pepala la ku banku losonyeza ndalama zimene zili mu konta. Kontayo inali m'dzina lake. Ine ndinkalima, ndinkakonza zigayo, ndalama n'kumupatsira, basi. Zokaima pamzere ku banku ku Ulongwe ndinkati n'zogona ulesi. Muofesi iye ankalankhula Chipwitikizi, ine n'kumangogwedeza mutu ngati ndikumva. Tikatuluka ankandigulira madzi ozizira, n'kunena kuti, "Imwani, ndakugulaninso chaka china." Ndinkakwiya zenizeni, iye n'kumaseka mpaka pokwerera shapa.

Anamwalira nyengo yozizira, chimanga titangolowetsa m'nkhokwe. Anadwala masiku asanu okha. Za matendawo sindilemba.

Patapita miyezi inayi ndinatsegula pasipoti ndi kuona kuti masiku akutha. Ndinatenga kachikwama kaja monga momwe anakasiyira, ndinakwera shapa ndekha. Munthu wa kumapiri akafika ku Tete amasungunuka, abale. Ndinalowa muofesi yoona za alendo malaya atamatirira kumsana, ndinakhala pabenchi pakati pa anthu amene aliyense anali ndi womulankhulira. Nthawi yanga itakwana ndinapeza mayi wina wamagalasi, wolankhula Chinyanja chomveka bwino. Anatsegula mapepala limodzilimodzi, n'kuima pa eshitratu.

"Abambo, pepala ili ndi la ndani?"

"La akazi anga."

"Iwowo ali kuti?"

"Anatisiya, mayi."

Anavula magalasi. "Pepani kwambiri," anatero. "Koma pepalali silingakuthandizeninso. Amene ankakusungani kulibe. Tsopano musonyeze kuti mungathe kudzisunga nokha. Tikufuna konta ya dzina lanu, ndalama zilimo." Analemba chiwerengero pa kapepala ndi kundipatsa.

Mtima wanga ndi wapachala, ndimadziwa. Ndinayamba kuwerengetsera mokweza: ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, nkhokwe yodzaza, matumba a kachewere, dimba la nyemba. Ine wosatha kudzisunga? Ine? Mpaka ndinatulutsa foni ndi kuwaonetsa chithunzi cha ng'ombezo, anthu apabenchi akuseka chamumtima. Mayiwo anachiyang'ana ndithu chithunzicho, mwaulemu. "Ng'ombe zonenepa," anatero. "Koma ng'ombe sindingaiphatikize pa pepala la boma. Mwatsala ndi masabata atatu."

Ndinadzera ku banku ku Ulongwe. Kumeneko anandiuza kuti konta ya malemu sigwiridwa mpaka mapepala a kukhoti atatuluka, ndipo amenewo amatenga miyezi. Ananditsegulira yanga ndi tindalama timene tinali m'thumba. Nditafanizira ndi kapepala kaja, ndinaseka ndekha pakhomo la banku, mlonda n'kundiyang'ana ngati wazungulira mutu.

Wina angafunse kuti bwanji osangobwerera kwanu. Kwathu kuti? Makolo anga anatha, munda unapita kwa ana a alongo anga, monga mwa mwambo wathu. Koma nkhani sinali imeneyo. Mwana wanga anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Ndikawoloka malire, ndiwoloka ndekha, iye atsala ndi agogo ake ndi amalume ake. Ena ankandiuza kuti ndingokhala mwakachetechete, kapena ndizilowa ndi kutuluka podzera njira za m'minda monga amachitira ogulitsa chimanga. Koma munthu wokonza zigayo sabisala. Apolisi onse a pano amandidziwa, chigayo chawo ndimakonza ndine. Ndikagwidwa kamodzi n'kubwezedwa, mwanayo ndidzamuonera kuti? Ndinkaopa, ndinene zoona. Ndinkamuyang'ana akusamba kumaso m'mawa, n'kumawerenga masiku ndi zala m'thumba.

Njira inali imodzi, kugulitsa ng'ombe. Ndinapita kwa alamu, mchimwene wamkulu wa mkazi wanga, amene ndiye mwini mbumba pamudzipo. Ndinawapeza kudimba akusankha mbewu ya kachewere, yophukira uku, yowola uko. Si munthu woipa ayi. Ndi munthu wosathamanga, ndipo kusathamanga kwawoko ndi kumene kumandipsetsa mtima. Ndinafotokoza zonse, iwo manja ali pa mbatata.

"Alamu," anatero nditamaliza, "ng'ombezo tonse tikudziwa kuti munagula ndinu ndi mlongo wanga. Palibe akutsutsa. Koma tsopano ndi za masiye. Chuma cha malemu sichigawidwa tisanasudzule. Tikagulitsa lero, mawa mwana uja akangomva mutu, mudzi wonse udzati ndi ng'ombe ija. Ine mlandu umenewo sindingausenze."

"Ndiye ndichite chiyani? Ndidye pepala?"

"Ife sitinkafulumira," anayankha. "Amayi ananena kuti mukhale m'nyumbamo mpaka mwana akule, zosudzula tiziona m'tsogolo. Koma ngati mukufuna gawo lanu msanga, ndiye tisudzule msanga."

Kusudzula ndinkakudziwa, kwathu kulinso. Ndi tsiku limene abale a malemu amamasula wamasiye kuti ukwati watha, apite kumene afuna, akakwatire kwina ngati afuna. Mkamwini akasudzulidwa, pamudzi pa mkazi wake sakhalanso ndi malo. Nyumba imatsala ya mbumba, ngakhale njerwa zake anaumba yekha. Malinga ngati sanakusudzule, udakali mwamuna wa m'nyumbamo.

Ndinakalipa, ndinalankhula zambiri zimene lero ndimachita nazo manyazi. Ndinati mukufuna kundithamangitsa mwanzeru, ndinati kodi zaka zonsezi ndinali waganyu. Alamu anangondisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anatola mbatata imodzi, anaiyang'ana uku ndi uku, n'kuiponya pa mulu wa zabwino. "Palibe akukuthamangitsani," anatero. "Sankhani ndinu."

Ndinayenda nayo nkhaniyo masiku anayi. Ndinayesa kwa eni zigayo awiri, mmodzi ku Lifidzi ndinapita panjinga, koma nyengo imeneyo aliyense ndalama anali atagulira feteleza. Munthu wokambirana naye ndinalibe. Amene ndinkakambirana naye zotere ndiye anali kumanda, kuseri kwa mitengo ya bulugama. Ndinapitako tsiku lina masana, ngakhale kumanda sikupitidwa wamba, ndinaima chapatali osalowa. Ndinamuuza kuti ukuona zimene wandisiyira? Ukanandikakamiza kukaima pamzere uja. Kunkangomveka belu la njinga ya munthu wodutsa kumsewu.

Kuwerengera kwake kunali kosavuta, kuwawa kokha. Ndikakana kusudzulidwa, ndikhala m'nyumba masabata awiri, kenako malire. Ndikavomera, nyumba yapita, koma ndikhala m'dziko limodzi ndi mwana wanga. Ndinabwerera kudimba ndi kuwauza alamu kuti aphike mowa.

Tsikulo linali Loweruka. Anayala mikeka iwiri pabwalo la nyumba yanga, wina wa akuchikazi, wina wa akuchimuna. Wa akuchikazi unadzaza mpaka ena anakhala pa njerwa. Kwathu ndinatumiza uthenga, koma ankhoswe anga anamwalira kale, ndipo alongo anga anati alibe mapepala owolokera. Ndiye pamkeka wa akuchimuna ndinakhala ndekha, pakati penipeni, chipewa pabondo. Mkeka ndi waukulu, abale, ukaukhalira wekha. Mayi wina wachikulire anafuna kudzakhala nane pondimvera chisoni, anzake anamukoka chitenje kuti si mbali yake.

Alamu analankhula bwino. Anati ndinasunga mlongo wawo, sindinamumenyepo, ndinamuika m'manda mwaulemu. Anagawa zinthu poyera: ng'ombe imodzi ya mwana, ina yanga, imene anali atagulitsa kale m'mawa kwa opha nyama. Ndalama zake anaika m'mbale yovundikira ndi nsalu, pamwamba pake kandalama kachitsulo ka mwambo. Anaikankhira kwa ine. "Kuyambira lero ndinu mfulu. Takumasulani."

Apongozi anga, amene zaka zonsezo sitinayang'anizanepo maso monga mwambo ufunira, anali atakhala chofulatira pafupi ndi nkhokwe. Atamva mawuwo anatembenuka, anandiyang'ana kumaso koyamba. Panalibenso chopewera, sindinalinso mkamwini wawo. Maso awo anali ofiira. "Bambo," anatero, "mukanadikira." Ndinatola mbale ija pamkeka.

Lolemba ndinakaika ndalama ku banku. Eshitratu yanga inatuluka ndi mizere iwiri yokha, pepala lonse loyera. Ya mkazi wanga inkakhala masamba atatu. Lachitatu ndinali ku Tete, pamaso pa mayi wamagalasi uja. Anandikumbukira. "Ng'ombe zija zili bwanji?" anafunsa akumwetulira.

"Imodzi ndi imeneyo mwagwirayo, mayi."

Anayang'ana pepala, anayang'ana ine, kumwetulira kunatha. Anafunsa kumene ndalama zachokera, ndinawapatsa kalata imene alamu anasaina. Anawerenga, anagwedeza mutu, n'kutenga cholembera. "Mukukhala kuti? Pomwe paja?"

Pakamwa panatseguka kuti nditchule mudzi wa apongozi, monga ndinkachitira zaka zonse. Ndinadzigwira. Ndinatchula kachipinda kamene ndinali nditapeza kuseri kwa chigayo cha pamsika wa Domwe, kamene kale ankasungiramo madeya. Analemba, anauzira mpweya pachidindo, n'kudinda. Phwa! Chaka china chathunthu. Potuluka ndinagula madzi ozizira pomwe paja ndi kumwa chiimire. Panalibe wondiseka, ndipo ndinalakalaka wina atandikwiyitsa.

Kuchokera kuchigayo kukafika kumudzi ndi ola limodzi panjinga. Lamlungu loyamba ndinagula buledi ndi makope awiri a ku shikola, monga mwana wanga amatchulira sukulu, ndinapalasa. M'nyumba muja munali mutalowa mng'ono wake wa malemu, kuti azilera mwana. Anali atasintha nsalu ya pazenera. Ndinatsamiritsa njinga pa mtengo wa pichesi umene ndinadzala ndekha, ndinafika pakhomo, dzanja linapita lokha pa chitseko. Chitseko chimenecho chimakhula pansi, umayenera kuchinyamula pang'ono potsegula, ndipo chaka chilichonse ndinkati ndichipala. Ndinabweza dzanja, ndinabwerera m'mbuyo mapazi awiri.

"Odi!"

Mwana wanga anatuluka akuthamanga. Atafika pakhonde anaima, anacheukira m'nyumba, ngati wakumbukira zimene anamuphunzitsa. Anabwerera, n'kutuluka atanyamula mpando uja tinkasungira alendo, wa nsalu yoluka pamsana. Wanga wa masiku onse ndinkauona m'katimo, pakona pake. Anaika mpandowo pamthunzi, anadikira ndikhale, anagwada, manja pamodzi.

"Muli bwanji, ababa? Kumene mwachokera n'kwabwino?"

Ndinati n'kwabwino. Ndikanati chiyani? Anachita zonse molongosoka, amayi ake akanamunyadira. Tinacheza, anandionetsa dzino logwedera, anandiwerengera Chipwitikizi chimene sindinamve. Anandibweretsera chakudya m'mbale zovundikira, ndinadya ndekha panja, nkhuku zikundizungulira.

Dzuwa litapendeka ndinatsanzika. Amayi ake aang'ono aja anamuuza kuti aperekeze alendo, ndipo iye anaumirira kunyamula kachikwama kanga ka pulasitiki, momwe munali pasipoti, poti tsopano ndimayenda nayo paliponse. Tinayenda mpaka pamphambano, ine ndikukankha njinga. Pamenepo anaima, poti mlendo amaperekezedwa kulekeza pamphambano, anandipatsa chikwamacho ndi manja awiri.

"Muyende bwino, ababa," anatero. "Mudzabwerenso kwathu."