Penti wa Alamu Anga pa Zitenje

Ndinadzuka kusanache, khosi litauma chifukwa chogona pampando. Nyumba ya achemwali anga ku Wigston inali yodzaza, azimayi a kwaya akuimbabe chapansipansi, mawu atasasa. Kuseri azibambo ankalimbana ndi mbaula za gasi, mphepo ikungozimitsa.

Tinkaika maliro a alamu anga, a Valdir, a ku Brazil, ojambula zithunzi ndi penti. Zithunzi zawo zinalibe munthu, mtengo kapena nyumba, mitundu yokhayokha. Ine ndinkawaseka kuti nkhuku itaponda mu penti ingajambule chimodzimodzi. Ankajambulira pansi, pachinsalu chachikulu choyala m'chipinda chakumbuyo, ndipo penti wawo ankauma pamwamba pokha, mkati ali wamuwisi. Chomalizacho ankajambulira achemwali, ndipo anawaletsa kuchiona mpaka chitauma. Mtima wa a Valdir unaima chithunzicho chisanaume. Achemwali anati adzalowa m'chipindamo tikachoka kumanda.

Kutacha, anthu anafika kuchokera ku Highfields ndi ku Loughborough, ena yunifolomu ya kuchipatala idakali m'thupi. Kumwamba kunali bii, koma mvula osagwa.

Tikuyenda pambuyo pa bokosi kumandako, ndinaona banga lofiira kumbuyo kwa chitenje cha mayi wina. Ndinayesa magazi. Kenako ndinaona lachikasu pa wina, labuluu pa wina, mzere wonse wa amayi a kwaya. Ndinakoka mmodzi pambali.

"Munakhala kuti usiku, mayi?"

"Kuchipinda chakumbuyo. Pabalaza panadzaza. Tinapeza mwatiyalira kale kapeti."

Pemphero sindinalimve. Dothi likugwera pabokosi ine ndinkangoyang'ana achemwali, ndili ndi mantha kuti atukula maso n'kuona zitenjezo. Sanatukule.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munali zii. Achemwali anasamba m'manja, n'kukatsegula chitseko cha chipinda chija, ine ndili pambuyo pawo. Chinsalu chonse chinali ngati matope a m'khola, mitundu itasakanikirana, zidendene ndi mawondo zitadinda paliponse.

Achemwali anachiyang'ana kuchokera uku mpaka uko. Kenako anandicheukira.

"Iwe unkawabweretsera tiyi alamu ako muno. Tandiuza, chinali chotani?"

Ndinayesetsa kukumbukira, koma m'mutu munalibe kanthu. Masiku onsewo ndinkangoika kapu pansi n'kutuluka.